Mvula Isanagwe, Wina Anali Atasaina Kale

Chaka chilichonse, Disembala akafika pakati, mkangano womwewomwewo umabwerera pa mawailesi a mu Chipata ndi m'magulu a WhatsApp. Mvula yagwa usiku, madzi atsika m'mapiri ozungulira tauni, adzaza ngalande, alowa m'nyumba za kumunsi, agwetsa zimbudzi ndi mipanda, ndipo kukacha anthu ali pa foni. Ena akuti boma litumize matenti ndi ufa msanga. Ena akuti nyumba zonse za m'mapiri ndi za m'mphepete mwa mtsinje wa Lunkhwakwa zigwetsedwe. Enanso, makamaka a maudindo, akuti nyengo yasintha ndipo palibe munthu angatseke kumwamba. Ine ndaima mbali imodzi, ndipo ndiinene pachiyambi pomwe. Zoopsa zambiri zimene timaona m'dzinja kuno kum'mawa kwa Zambia zimakonzedwa ndi anthu m'chilimwe, kunja kuli gwaa, pamene wina akugawa puloti pamalo otsetsereka, wina akuvomereza paipi yaing'ono pansi pa msewu kuti ndalama zitsaleko, wina akusiya ngalande itadzaza mchenga. Chifukwa chake kugawa mapuloti atsopano m'mapiri otsetsereka, m'madambo ndi m'magombe a mitsinje kuyenera kuima, ndalama zopewera ngozi zizituluka ndalama za chithandizo zisanafunike, ndipo aliyense wosaina chilolezo cholakwika azidziwika ndi dzina lake.

Ndiyambe ndi mfundo yamphamvu kwambiri ya otsutsa, yoti nyengo yasintha. Sakunama ayi. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chinali tsoka la dziko lonse, chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chitapserera m'minda, ndipo madzi a ku Kariba anatsika mpaka magetsi kumazima pafupifupi tsiku lonse. Chaka cha m'mbuyo mwake, mu Malichi 2023, namondwe Freddy anapha anthu oposa 600 ku Malawi, ena oposa 500 osapezeka n'komwe. Palibe khansala, mfumu kapena injiniya wa ku Chipata amene anaitana zimenezi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo amene amatchula mwambiwu pankhaniyi akutanthauza kuti tizingopirira. Komabe taonani kumene anthu ambiri anafera mu Blantyre. Kunali ku Chilobwe ndi madera ena a m'munsi mwa phiri la Soche, kumene mitengo inali itatha, nyumba zitakwera mpaka m'nkhalango yomwe inali yotetezedwa, ndipo nthaka itakhuta madzi inagumuka pamodzi ndi miyala n'kukwirira mabanja. Mvula inagwa mumzinda wonse, koma maliro anachuluka pamalo amene aliyense wodziwa za nthaka akanawaloza ndi chala zaka zambiri m'mbuyomo. Tsono amene amadziwa Chipata akudziwa kuti tauni yathu yakhala m'chigwa, mapiri ngati Kanjala atayizinga, ndipo malata akukwera mapiriwo chaka ndi chaka.

Kuti timvetse chimene chimachitika phiri likametedwa, tiwerengere pamodzi, chifukwa masamu ake ndi a ku pulayimale. Mvula ya milimita 1 ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, amenewo ndi madzi a lita imodzi. Chimvula cha mamilimita 50, chimene sichachilendo kuno mu Januwale, chikagwa pa hekitala imodzi chimasiya malita 500,000. Hekitalayo ikakhala ndi mitengo, udzu ndi masamba owola pansi, mainjiniya amawerengera kuti madzi othamanga pamwamba ndi gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi, kutanthauza malita 50,000 mpaka 100,000, ndipo otsalawo amalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'zitsime ndi m'mitsinje mpaka Okutobala. Hekitala yomweyo ikadzaza malata, mabwalo a simenti, misewu ndi nthaka yopondedwa, magawo asanu ndi awiri mpaka asanu ndi anayi amathamanga, malita 350,000 mpaka 450,000, ndipo onsewo amafika kumunsi nthawi imodzi, m'mphindi zowerengeka. Denga limodzi lokha la mamita 10 mbali zonse limataya malita 5,000 pa chimvula chimenecho, migolo pafupifupi 24 ya malita 210, ndipo nyumba zambiri zilibe thanki kapena dzenje lomwetsera madziwo, zimangowakankhira kwa mnansi wa kumunsi. Onjezani kutsetsereka. Madzi akawirikiza liwiro, mphamvu yawo yokumba imawirikiza kanayi, n'chifukwa chake kanjira ka mbuzi kotsika phiri kamasanduka chigwembe chomeza munthu pakangopita madzinja ochepa. Mvula ingakhale yofanana ndi ya nthawi ya agogo athu, koma madzi ofika m'makomboni a Kapata, Mchini kapena Nabvutika sangafanane ndi a nthawi imeneyo.

Vuto lina lili pa mamangidwe enieniwo. Womanga paphiri amayamba ndi kudula chitunda kuti apeze malo athyathyathya. Dothi lodulidwa amalikankhira kutsogolo, ndipo theka la nyumba limakhala pa nthaka yolimba, theka lina pa dothi lothira. Dothi lothira liyenera kutsenderedwa pang'onopang'ono, masentimita 15 mpaka 20 nthawi imodzi, likunyowetsedwa, koma ambiri amangoliunjika ndi wilibala n'kukumba maziko mawa lake. Dzinja loyamba dothilo limakhazikika, khoma limang'ambika kuyambira pakona ya zenera. Kumbuyo kwa nyumba kumatsala phompho lodulidwa lowongoka, ndipo mwini nyumba amalitchinga ndi khoma la mabuloko mzere umodzi, lopanda zitsulo, lopanda mabowo otulutsira madzi. Khoma lotchinga dothi limafuna mabowo pa mita iliyonse kapena mita ndi theka, miyala yaing'ono kumbuyo kwake kuti madzi azitsika, ndi ngalande pamwamba yopatutsa madzi asanafike pa phompho. Izi zikasowa, dothi limakhuta madzi, limalemera, madziwo amakankha khoma kuchokera m'kati, ndipo tsiku lina limagwera chipinda chogona ana. Anthu amati khoma lagwa ndi mvula. Linagwa tsiku limene linamangidwa lopanda mabowo, ndipo woyendera mamangidwe akanaliona m'mphindi zisanu akanafikako.

Kumunsi nako nkhani ndi ya kukula kwa mapaipi. Mapaipi odutsitsa madzi pansi pa msewu, makalavati, ambiri anaikidwa mapiri akadali ndi mitengo, ndipo anayezedwa molingana ndi madzi a nthawi imeneyo. Paipi ya mamilimita 900 imanyamula madzi pafupifupi katatu kuposa ya mamilimita 600 zikaikidwa potsetsereka mofanana, ngakhale kuti poyang'ana ndi maso kusiyana kwake n'kochepa, ndipo apa ndi pamene wogwira ntchito wosakhulupirika amadyera. Paipi ikadzaza mchenga mpaka theka imanyamula madzi osakwana theka. Madzi otsalawo amakwera msewu, amalowa pansi pa phula, amakumba kumbali kwa paipi ngati palibe khoma la simenti lolowetsera madzi, ndipo msewu umaduka. Apa ndi pamene mfundo ya kusintha kwa nyengo imatembenukira eni ake. Ngati tikuvomerezana kuti mvula tsopano ikubwera yamphamvu m'masiku ochepa, ndiye kuti mapaipi ayenera kukula, malo osamangapo m'mphepete mwa mitsinje ayenera kutambasuka, ndipo ngalande ziyenera kuyeretsedwa kawirikawiri kuposa kale. Woyang'anira amene amanena kuti nyengo yasintha, koma n'kusaina mapulani a muyezo wakale, wadziweruza ndi pakamwa pake.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yokhudza mtima, ndipo siyenera kuyankhidwa mwachipongwe. Amati anthu akhale kuti? Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni m'chigawo cha kum'mawa. Chipata anakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, malonda a pa Mwami, pamalire ndi Malawi, akukoka anthu, lendi yakwera, ndipo mayi wogulitsa tomato pamsika sangakwanitse puloti yoyezedwa bwino ya m'dera lokonzedwa. Akapeza kamalo kotchipa m'dambo amagula, osati chifukwa sadziwa kuti madzi amadutsa pamenepo, koma chifukwa mwininyumba wamuthamangitsa. Zonsezi n'zoona. Koma tiyeni tione bwino amene akupindula. Wogawa malowo, kaya ndi kada wa chipani, kaya ndi nyakwawa, kaya ndi wina wa muofesi, walandira ndalama zake ndipo amagona pouma. Mayi uja ndiye amamanga kawiri, amagula mphasa ndi mabulangete kawiri, amataya ufa wa mwezi wonse, ndipo mwana wake ndiye amamwa madzi osakanikirana ndi za m'chimbudzi. Puloti yotchipa ya m'dambo imalipiridwa chaka chilichonse mpaka kalekale. Chinanso, amene amati kuletsa kumanga m'mapiri n'kuzunza osauka akwere akaone. Nyumba zambiri za pamwamba, za mipanda yaitali ndi matanki awiri, si za osauka. Ndi za anthu amene anafuna mphepo yabwino ndi kuona tauni yonse ali pakhonde, ndipo madzi a m'mabwalo awo a simenti ndi amene amathera m'zipinda za osaukawo.

Pachifukwa chimenechi sindigwirizananso ndi amene amafuna kuti mabuludoza abwere mawa. Pali kusiyana pakati pa puloti yomwe sinagawidwe ndi nyumba yomwe muli banja. Zatsopano ziime lero, chifukwa kuimitsa sikufuna bajeti. Zakale zigawidwe m'magulu. Pali nyumba zimene zili m'njira yeniyeni ya madzi kapena pansi pa phompho limene layamba kung'ambika, ndipo eni ake ayenera kupatsidwa malo ena oyezedwa, okhala ndi msewu ndi madzi, asanauzidwe kusamuka, apo ayi adzabwerera kapena adzagulitsa malo oopsawo kwa wina wosauka kuposa iwo. Malo osiyidwawo abzalidwe nsungwi ndi mitengo nthawi yomweyo kuti asagulitsidwenso. Zambiri mwa nyumba zotsalazo zingapulumutsidwe pomwe zili. Pamwamba pa mzere womaliza wa nyumba pakumbidwe ngalande yopingasa phiri yotengera madzi ku mtsinje. Udzu wa vetiva ubzalidwe m'mizere yotsata akalozera, phata lililonse kutalikirana masentimita 10 mpaka 15, chifukwa mizu yake imalowa pansi mamita awiri kapena atatu ndipo ziweto siziukonda kwenikweni ukakula. M'zigwembe muikidwe timakoma ta miyala kapena mabokosi a waya odzaza miyala, pakati pake potsikirapo kuposa m'mbali kuti madzi asalambalale, ndipo msinkhu wa kakhoma ka kumunsi ufanane ndi tsinde la kakhoma ka kumtunda. Lamulo la 2015 la mapulani a matauni ndi zigawo limalola kale zonsezi. Limalola khonsolo kuvomereza makomboni n'kuwakonza, ndiponso kupangana ndi mafumu za mapulani a malo a chikhalidwe. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri kwa Chipata, chifukwa tauni yakula mpaka kulowa m'malo a mafumu, ndipo madzi otsika phiri safunsa ngati adutsa malire a khonsolo. Mapu osonyeza malo oletsedwa akhale amodzi, osainidwa ndi khonsolo ndi mafumu, atapachikidwa pamsika ndi pabwalo la mfumu, kuti wogula asadzanene kuti sanadziwe ndipo wogulitsa asadzanene kuti sanauzidwe.

Chachitatu amati ndalama palibe. Zaka zisanu ndi zingapo zapitazo yankho limeneli likanamveka. Koma thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo pofika 2024 linali litadutsa K30 miliyoni pa dera lililonse. N'zoona kuti ndalamazi zili ndi ntchito zambiri, madesiki, zipatala za amayi, mabasare a ana, ndipo palibe amene akunena kuti zimenezi zileke. Vuto ndi loti ngalande ilibe tsiku lotsegulira. Palibe riboni yodula, palibe gule, palibe chithunzi, n'chifukwa chake imakhala kumapeto kwa mndandanda. Komatu ntchito yochotsa mchenga m'ngalande ndi m'makalavati ndi ya mafosholo, mawilibala ndi lole yonyamula, ndipo nthawi yake ndi Seputembala ndi Okutobala. Chofunika n'choti mchenga wochotsedwawo unyamulidwe tsiku lomwelo. Kuuunjika m'mphepete mwa ngalande, monga timaonera nthawi zambiri, n'kulipira anthu kuti mvula yoyamba iubwezere momwe unali. Yerekezani mtengo umenewo ndi wa matenti, ufa, mafuta a magalimoto a DMMU, ofesi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kumanganso msewu woduka, ndi masiku amene alimi a ku Chipangali kapena ku Kasenengwa sangafikitse katundu pamsika. Ndalama timatulutsa ndithu, koma timazitulutsa madzi atadutsa kale, pamene chilichonse chakwera mtengo.

Ndipo mtengo waukulu kuposa yonse ndi kolera. Mliri umene unayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko muno n'kupha oposa 700, bwalo la masewera la Heroes linasanduka chipatala, ndipo sukulu zinatsegulidwa mu Febuluwale m'malo mwa Januwale. Kolera sagwa ndi mvula. Amayenda kuchoka m'chimbudzi kupita m'chitsime. Azaumoyo amalangiza kuti chimbudzi cha dzenje chitalikirane ndi chitsime mamita 30, chikhale kumunsi kwa chitsimecho, ndipo pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pamwamba pa madzi a pansi pa nthaka. Pa puloti ya mamita 15 kwa 20 yogawidwa m'dambo, pamene mu Febuluwale madzi amatuluka ukangokumba mpaka m'mawondo, palibe limodzi mwa malamulo atatuwa limene lingatheke, ngakhale mwini nyumba atakhala waukhondo chotani. Amene anagawa puloti imeneyo anagawanso matendawo.

Ena amati tisamangoloza a maudindo, chifukwa ife tomwe ndi amene timataya zinyalala m'ngalande, timawotcha malasha, timaphwanya miyala m'mapiri, timalima madimba mpaka m'kamwa mwa mtsinje. Apa ndiwavomereza kwambiri. Botolo la pulasitiki ndi thewera lotayidwa zimene zatseka paipi sizinachoke ku ofesi ya khonsolo. Koma munthu amataya m'ngalande mosavuta kumene lole ya zinyalala sifika, ndipo amaphikira malasha kwambiri pamene magetsi azima maola 20. Chilango kwa wotaya zinyalala chikhalepo, ndipo chiyambe sabata yomweyo imene malo otayirapo ayamba kukhuthulidwa pa tsiku lodziwika. Ndi malasha chimodzimodzi: lamulo la nkhalango la 2015 limalola midzi kulembetsa nkhalango zawo n'kuziyang'anira yokha, ndipo zitsa za mitengo ya m'tchire mwathu zimaphukanso zikasiyidwa osatenthedwa. Matumba amene timaona atandandalikidwa m'mbali mwa msewu waukulu ku Nyimba ndi ku Petauke akupita m'matauni, kwa ife amene timadandaula za madzi osefukira.

Mfundo yomaliza ya otsutsa imabwera atavala tayi. Amati kukhwimitsa malamulo kuthamangitsa obweretsa ndalama, ndipo chigawo chosauka ngati chathu sichingasankhe. Dziko lino lili ndi mayankho ake pa mfundo imeneyi, ndipo ndi owawa. Pa 18 Febuluwale 2025 khoma la damu losungira zotsalira za mgodi la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi amene poyamba anawerengedwa kuti ndi malita 50 miliyoni analowa mumtsinje wa Mwambashi n'kutsikira mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mphepete inapsa, madzi a mumzinda wa Kitwe anatsekedwa, ndipo boma linachita kuthira laimu mumtsinje kuchokera mundege. Kunali mvula, inde, koma damu lotere limamangidwa podziwa kuti mu Febuluwale kumagwa mvula. Ku Mufulira, pa 25 Seputembala 1970, zotsalira za mgodi zimene zinkathiridwa pamwamba pa malo okumbidwa zinabowola nthaka n'kulowa pansi, ndipo anthu 89 anafera mumgodi. Ku Kabwe mgodi unatsekedwa mu 1994, koma ana obadwa zaka 30 pambuyo pake akupezekabe ndi mtovu m'magazi chifukwa fumbi lake linasiyidwa poyera. Pamalo onsewa ntchito zinalipo, malipiro analipo, ndipo ngongole yake inatsalira anthu amene sanasaine chilichonse. Kampani yabwino siopa lamulo lomveka bwino. Imene imathawa ikauzidwa kuti damu lake liziyenderedwa ndi injiniya wodziimira payekha ndi yomwe sitiyenera kuilirira.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za ku migodi, kuno timalima chimanga, mtedza ndi thonje. Koma golide wayamba kukumbidwa m'maboma angapo a chigawo chino, ndipo okumba ang'onoang'ono ambiri amamugwira ndi mekyule. Amasakaniza ndi manja, amawotcha pamoto kuti mekyule auluke, ndipo zotsalira amatsukira mumtsinje. Mekyule sawola. Amakhazikika m'matope, amalowa m'nsomba, amawononga ubongo wa mwana ali m'mimba, ndipo mitsinje yathu yambiri imathera mu Luangwa. Lamulo la 2011 loyang'anira chilengedwe limafuna kuti ntchito zazikulu ziyambe zaunikidwa ndi ZEMA, bungwe la boma loyang'anira chilengedwe, anthu a m'deralo atafunsidwa. Kufunsidwako kusakhale kuitana anthu pansi pa mtengo, kuwawerengera chikalata cha Chingerezi n'kuwapatsa zakumwa. Afunse mwachindunji: zotsalira zidzasungidwa pati, khomalo likagumuka madzi adzadutsa midzi iti, ndani adzayeza madzi a m'zitsime ndipo kangati pachaka, ndalama zokonzera malo mgodi ukatsekedwa zasungidwa kuti.

Tilinso ndi madamu athu a dothi, ambirimbiri, m'midzi ndi m'mafamu, ena omangidwa kalekale. Damu la dothi silimagumuka mwadzidzidzi monga anthu amanenera. Limachenjeza. Mitengo ikamera pakhoma, mizu yake imaboola njira za madzi, ndipo mtengowo ukafa mizu yowola imasiya mabowo. Chiswe chikamanga chulu pakhoma chimachita chimodzimodzi. Ng'ombe zikamadutsa pamalo amodzi zimatsitsa khoma, ndipo madzi akadzaza amayambira pomwepo kusefukira. Njira yotayira madzi owonjezera ikamera tchire, kapena wina akaitseka ndi matumba a mchenga kuti damu lisunge madzi ambiri a dimba, madzi amakwera pamwamba pa khoma, ndipo khoma la dothi likangoyamba kudutsidwa pamwamba limatha m'maola ochepa. Chizindikiro chofunika kuposa zonse chili kumunsi kwa khoma. Madzi odontha oyera angakhale achizolowezi, koma akayamba kutuluka a matope, ndiye kuti akunyamula khomalo kuchokera m'kati, ndipo a kumunsi achenjezedwe tsiku lomwelo. Kuyendera zinthu zimenezi ndi ntchito ya tsiku limodzi mu Okutobala kwa komiti ya damu ndi mlangizi. Madamu a Lutembwe, amene Chipata amamwako, ali ndi mdani wina wosaoneka: munda uliwonse wolimidwa mizere yotsika phiri kumtunda kwake, ndi dimba lililonse lofika m'madzi, zimatumiza dothi limene limakhazikika pansi pa damu. Damu limaoneka lodzaza mu Malichi, koma gawo lina la kudzazako ndi matope, ndipo mipopi ikauma mu Okutobala timadzanenanso kuti ndi chilala. Lamba wa udzu ndi mitengo wa mamita 30 mpaka 50 mbali zonse za mtsinje ndi wotchipa kwambiri kuposa kukumba matope m'damu.

Chimene chimalumikiza zonsezi, kuyambira kalavati ya m'komboni mpaka damu la ku Chambishi, n'choti cholakwa chimachitika chaka china, tsoka limabwera chaka china, ndipo pakati pake dzina la wolakwa limasowa. Wosaina anasamutsidwa, khansala analuza chisankho, kampani yomanga inasintha dzina. Ichi ndicho chiyenera kutsekedwa, ndipo sichifuna lamulo latsopano lalikulu. Chilolezo chilichonse cha puloti ndi cha mamangidwe chizikhala m'kaundula amene nzika ingathe kuona, wosonyeza malo, tsiku ndi amene anavomereza. Pa ntchito iliyonse ya msewu, chikwangwani chisamangotchula mtengo ndi kampani, chizitchulanso kukula ndi chiwerengero cha mapaipi, kuti mnyamata aliyense wokhala ndi tepi athe kuyeza. Madzi akaononga, kuwonjezera pa kuwerenga nyumba zogwa, DMMU ndi khonsolo azitulutsa lipoti lalifupi lonena kumene madziwo anachokera, chimene chinatsekeka, ndi amene anali ndi udindo wochitsegula. Ena adzati zimenezi zidzachititsa antchito a boma kuopa kusaina. Pa malo otsetsereka ndi m'madambo, kuopa kumeneko ndi kumene tikufuna. Ndipo kwa inu a m'makomboni, khomo lolowera lilipo kale: mapulojekiti a CDF amayambira ku komiti ya chitukuko ya m'wadi. Ngalande ya m'dera lanu ikapanda kulembedwa pamsonkhano umenewo, ndi kutalika kwake, malo amene imatsekeka ndi nyumba zimene zimalowa madzi, sidzafika pa tebulo la amene amagawa ndalama.